Musanagulitse Poloti, Funsani Kuti: Mwa Anthu Angati?

Sabata ino mwayi wolemba wagwera ine, ndipo ndasankha nkhani imene ambiri timangoinong'ona kuseri kwa chitseko, ya thandizo la kuchipatala kwa ife amene mphatso ya mwana ikutivuta. Sindinabwere kudzakulizani ayi. Ndikufuna tiwerengere limodzi masamu, chifukwa pankhani imeneyi anthu akutha ndalama, mabanja akugwedezeka, kaamba kosafunsa funso limodzi lokha.

Ine ndine mayi wa geni. Ndimagulitsa kaunjika wa zovala za ana mu Msika wa Lilongwe. Ndili ndi zaka 36, pabanja ndakhalapo zaka 10, mwana ndilibe. Eya, mwamva bwino. Tsiku lonse ndimakhalira kupinda timalaya ta makanda, tizipewa ndi timasokosi, n'kumagulitsa kwa amayi oyembekezera amene akuchokera kusikelo ku Bwaila. Anzanga a pamzere wathu amaitanidwa ndi maina a ana awo, mayi a uje, mayi a uje. Ine ndine "amayi a kaunjika" basi. Ndanena izi kuti mudziwe kuti nkhaniyi sindikuilankhula ndili patali.

Amene munachitapo geni ya kaunjika mukudziwa kuti belo salitsegula usanalipire. Wokuodetsa amakuuza kuti, "Ili ndi nambala wani, mayi, mnzanu wa dzana uja anapha nalo makwacha." Ndipo sakunama, mnzangayo anapinduladi. Chimene sakuuza n'chakuti ena amene anatenga mabelo a mtundu womwewo anapezamo sanza zokhazokha, mpamba n'kulowa m'madzi. Choncho wa geni wochenjera safunsa kuti, kodi alipo anapindula? Amafunsa kuti, mwa anthu onse amene anaoda, anapindula ndi angati?

Funso limeneli ndi limene sitifunsa pankhani ya kubereka. Yendani kuchokera kudepoti, kutsika ndi Malangalanga mpaka pamlatho, muwerenge timapepala tomatidwa m'mapolo a magetsi: kubereketsa, kutsegula njira, kubweza mwamuna wothawa, nambala ya foni pansi. Tsegulani wailesi usiku, mumva umboni wa mayi amene wabereka atapemphereredwa. Lowani pa Facebook, mupeza zipatala zakunja zikulengeza kuti mwayi ndi 70 peresenti, pachithunzi pali mapasa onenepa bwino. Onsewa amakuonetsani mwana. Amene anabwerera manja ali m'khosi sawajambula chithunzi, ndipo iwo eni sadzionetsa, chifukwa cha manyazi.

Tiyambe ndi kukula kwa vutoli. Mu April 2023 bungwe la WHO linatulutsa lipoti lonena kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 6 alionse padziko lapansi amakumana ndi vuto la kusabereka nthawi ina pamoyo wake, ndipo kusiyana pakati pa maiko olemera ndi osauka n'kochepa kwambiri. Achipatala amati pali vuto ngati banja lakhala miyezi 12 likukhalira limodzi malo amodzi kawirikawiri, osagwiritsa ntchito njira yolera, koma mimba osaoneka. Tangoganizani, mmodzi mwa 6. Minibasi imodzi ya ku Area 25 ikadzadza, ndiye kuti mwina awiri kapena atatu mmenemo nkhaniyi akuidziwa ndi thupi lawo. Kungoti aliyense amaona ngati ali yekha.

Nambala yachiwiri ndi imene inanditsegula maso kwambiri. Achipatala a ku UK amanena kuti mwa mabanja 100 amene mkazi sanafike zaka 40, oposa 80 amatenga mimba m'chaka choyamba popanda thandizo lililonse. Mwa otsalawo, pafupifupi theka amatenga mimba m'chaka chachiwiri, popandanso thandizo. Mwaona pamene pagona nkhani? Chaka chachiwiri ndi nthawi yomwe apongozi ayamba kufunsa, azakhali ayamba kubweretsa mizu m'botolo, mnzako wakutengera kuphiri kukapemphera. Mimba ikabwera, ulemu umapita kwa mizu ija kapena kwa amene anakusanjika manja, chonsecho mwa ambiri mimbayo inali panjira kale. Sindikunyoza pemphero, inenso ndimapemphera ndipo limandilimbitsa mtima. Ndikungonena kuti munthu amene amalandira mabanja a chaka chachiwiri sangasowe umboni, ngakhale atamapereka madzi a pampopi.

Tsono kuchipatala nako si kuti kuli mankhwala amodzi a onse. Thandizo limayendera chimene chapezeka. Poyamba amayeza. Kwa abambo amayeza umuna, kuona kuchuluka kwa mbewu, kayendedwe kake ndi maonekedwe ake. Kuyeza kumeneku n'kosavuta, sikupweteka, ndipo n'kotchipa poyerekeza ndi zimene amayi timadutsamo. Koma abale, kukoka bambo kuti akayezetse kuli ngati kukoka mbuzi yopita nayo kumsika. Amaopa kuti anzawo azidzati anagwa m'papaya. Chonsecho madokotala amati pafupifupi theka la mabanja ovutika, vuto limakhudzanso mbali ya abambo. Makolo athu ankadziwa zimenezi, n'chifukwa chake m'midzi ina munali mwambo wolowetsa fisi mwachinsinsi. Ankadziwa kuti si nthawi zonse vuto lili kwa mkazi, koma poyera dzina loti chumba linkagwera mkazi yemweyo.

Kwa amayi amaona ngati mazira akukhwima mwezi ndi mwezi, amaunika chiberekero ndi sikani ngati muli zotupa, ndiponso amajambula machubu, njira ziwiri zija zimene dzira limadutsamo kupita kuchiberekero. Kujambulako amathira mankhwala amadzi m'chiberekero n'kuona pa X-ray ngati akudutsa. Kuno kwathu vuto la machubu otsekeka ndi lofala, ndipo kawirikawiri limachokera ku matenda opatsirana pogonana monga chinzonono amene sanachizidwe msanga, ku matenda olowa pambuyo pobereka kapena popita padera, ku kuchotsa mimba mobisa, ngakhalenso ku likodzo, lomwe limatha kuwononga ziwalo zoberekera za amayi. Zina mwa izi zimakhala m'thupi mwakachetechete, mayi osamva kupweteka kulikonse.

Apa ndi pamene pamafunika kumvetsa. Mapiritsi a clomiphene, amene ena amagulitsana m'zikwama ngati mtedza, ntchito yake ndi kuthandiza mayi amene mazira ake sakukhwima. Kwa mayi wotere amathandizadi, ndipo alipo ana ambiri amene anabwera nawo. Koma ngati machubu ndi otsekeka, kapena mbewu ya abambo ndi yochepa kwambiri, mungamwe chaka chathunthu, palibe chichitike. Mankhwala ndi omwewo, koma mwayi wa mayi uyu ndi wa mayi uyo ndi wosiyana ngati usiku ndi usana. Ndiye mnzanu akati "ine anandithandiza awa, imwani," funso ndi lakuti vuto lake linali lofanana ndi lanu kodi?

Ine ndi bambo a kunyumba tinayezetsa tonse. Ndimawathokoza pamenepo, sanavute. Zawo zinatuluka bwino. Zanga anapeza kuti machubu onse awiri ndi otsekeka. Dokotala anandiuza mosapita m'mbali kuti njira imene ili ndi mwayi weniweni kwa ine ndi IVF. Kwa amene simunaimvepo, imayenda chonchi: mayi amabayidwa majakisoni kwa masiku pafupifupi 10 kapena kuposerapo kuti mazira ambiri akhwime nthawi imodzi. Kenako amawatulutsa ndi singano, n'kuwaphatikiza ndi mbewu ya abambo mu labu. Pakatha masiku atatu kapena asanu, dzira limene lagwira limakhala lasanduka kamluza, ndipo amakaika m'chiberekero. Kenako mumadikira pafupifupi sabata ziwiri kuti muyezetse. Machubu aja amangowalambalala.

Njirayi si yachilendo. Mwana woyamba wobadwa motere, Louise Brown, anabadwa pa 25 July 1978 ku Oldham ku England, ndipo mayi ake anali ndi vuto ngati langali, la machubu. Robert Edwards, Patrick Steptoe ndi Jean Purdy anayesa kwa zaka zambiri pa amayi ambirimbiri osaphula kanthu asanafike pa mwana ameneyu. Dziko lonse limadziwa dzina la Louise, koma amayi ena aja sitiwadziwa. Ku South Africa mwana woyamba wa IVF anabadwa mu 1984 kudzera pachipatala cha Tygerberg ku Cape Town. Lero ana obadwa motere ndi mamiliyoni. Choncho IVF imagwira ntchito, pamenepo palibe kukangana. Funso ndi lija: mwa anthu angati?

Ku UK kuli bungwe la boma lotchedwa HFEA limene limalemba zotsatira za zipatala zonse za IVF, zabwino ndi zoipa zomwe. Ziwerengero zawo za 2019, za amayi ogwiritsa ntchito mazira awoawo, zinali motere. Pa miluza 100 iliyonse yoikidwa m'chiberekero, kwa amayi osakwana zaka 35 panabadwa ana amoyo 32. Kwa a zaka 35 mpaka 37, ana 25. Kwa a zaka 38 ndi 39, ana 19. Kwa a zaka 40 mpaka 42, ana 11. Kwa a zaka 43 ndi 44, ana 5. Kupitirira pamenepo, ana 4. Werenganinso pang'onopang'ono. Uku ndi ku dziko lolemera, kumene magetsi sathimathima ndipo zipangizo ndi zamakono. Ngakhale kwa mtsikana wa zaka 28, kulephera ndi kumene kumachitika kawirikawiri kuposa kupambana pa ulendo umodzi.

Mzere wanga ndi wa 25 uja. Kunena kwina, titakhala amayi anayi a msinkhu wanga pabenchi, mmodzi ndiye abwerere ndi mwana, atatu abwerera ndi risiti. Ndipo ndikachedwa zaka ziwiri ndikusonkha ndalama, ndigwera mumzere wa 19. Ichi ndi chimene chimandisowetsa tulo, chifukwa ndalama imafuna nthawi kuti ikwane, pamene mazira sadikira munthu.

Nanga 70 peresenti ya pa Facebook ija imachokera kuti? Nthawi zambiri si bodza lenileni, ndi kawerengedwe. Ife a mumsika timadziwa kuti mulu wa tomato umaoneka waukulu malinga ndi mmene waunjikira. Ena amawerenga mimba zimene zaoneka pakuyeza magazi, osati ana obadwa, chonsecho mimba zina zimapita padera m'sabata zoyambirira ndipo zina zimakhala kunja kwa chiberekero. Ena amawerenga amayi achitsikana okhaokha. Ena amaphatikizamo amene anagwiritsa ntchito mazira opatsidwa ndi mtsikana wina, pomwe mwayi umayendera zaka za wopereka dzirayo. Ena amawerenga okhawo amene anafika poikidwa mluza, kusiya amene anabayidwa majakisoni, kulipira, koma mazira osapezeka kapena osagwira. Enanso amaphatikiza maulendo atatu kapena kuposerapo n'kutchula nambala imodzi, inu n'kumaganiza kuti ndi ya ulendo umodzi umene mwasonkhera ndalama.

Kubwereza kumakwezadi mwayi. Kafukufuku wamkulu wa ku UK amene anatuluka mu 2015, wa amayi oposa 150,000, anapeza kuti pa ulendo woyamba pafupifupi 30 mwa 100 anabereka, ndipo ofufuzawo anawerengera kuti pofika ulendo wachisanu ndi chimodzi chiwerengero chimafika cha m'ma 65. Maulendo 6, abale! Kumeneko mwina zingatheke. Kuno ndani angalipire ka 6? Ngakhale masamu a ku sekondale aja amatiuza zomwezo: ngati mwayi ndi 25 pa 100 ulendo uliwonse, maulendo awiri amakufikitsa cha m'ma 44, osati 50, ndipo zimenezo ndi za papepala, poti amene walephera koyamba nthawi zambiri vuto lake limakhala lovutirapo.

Ndikuuzeni za amayi awiri amene ndimawadziwa, maina ndisunga. Woyamba ndi kasitomala wanga wa kumayadi, cha ku Area 43 uko. Iye anapita ku India katatu. Kawiri anabwerako chimanjamanja, kachitatu anabereka mapasa. Anabadwa masiku asanakwane, anakhalitsa kuchipatala, koma lero akuthamanga. Mapasa amachuluka pa IVF chifukwa zipatala zina zimaika miluza iwiri kapena itatu kuti nambala yawo ikwere, koma mimba ya mapasa ili ndi chiopsezo chachikulu kwa mayi ndi ana omwe. Mayi ameneyu akamafotokoza amati, "Pitani achemwali, zimatheka." Amanena ndi mtima wabwino. Koma iye kulephera kawiri kuja sikunamugwetse, galimoto ili pomwepo, nyumba ili pomwepo.

Wachiwiri anali ndi benchi pafupi ndi langa, ankagulitsa nsapato. Anali ndi zaka 41. Anamuuza pa WhatsApp kuti mwayi ndi waukulu, iye sanafunse kuti waukulu kwa a zaka zingati. Anagulitsa poloti, anatenga ngongole kubanki m'khonde, pamwamba pake katapila. Anakwera basi ya ku Joni ali ndi chimwemwe, anatigulira ndi mafanta potsanzika. Atayezetsa koyamba anati mimba yagwira, anatiimbira foni tonse tinavina pamzere. Patatha sabata zitatu inapita padera. M'buku la chipatala chija mwina iye analembedwa m'gulu la opambana. Kuno anabwera wopanda mwana, wopanda poloti, wopanda mpamba, ndipo achibale a mwamuna wake anati wadya chuma cha mbale wawo. Benchi lake pano pali munthu wina. Mzere wake unali wa 11 pa 100. Mwina akanadziwa akanapitabe, ndi ufulu wake, koma akanapita atasiya pogwira.

Za ndalama musazione mopepuka. Amene ndikuwadziwa ine anapita ku South Africa, ku India kapena ku Lusaka, ndipo mtengo amautchula mu randi kapena mu dola. Pamwamba pake pali thiransipoti, pogona, chakudya, mankhwala, ndi geni imene yaima mwezi wathunthu. Mukumbukira kuti mu May 2022 kwacha inagwa ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inagwanso ndi 44 peresenti. Amene ankasunga ndalama m'kachitini kuti akayese mwayi anadzuka m'mawa n'kupeza kuti ulendo watalikiranso. Ndife ambiri amene zinatichitikira.

Ndiye ngati inu kapena mbale wanu mukuganiza zopita, tengani kope ndi cholembera, mukafunse izi popanda manyazi, poti safunsa anadya phula. Mwa amayi a zaka zanga, amene ali ndi vuto ngati langa, ogwiritsa ntchito mazira awoawo, ndi angati anatuluka ndi mwana wamoyo m'manja? Nambala imeneyo mukuwerengera onse amene anayamba majakisoni, kapena okhawo amene anaikidwa mluza? Ndi ya ulendo umodzi kapena angapo? Muika miluza ingati, ndipo chifukwa chiyani? Yotsala mudzaisunga mufiriji, ndipo kudzaiikanso ndi ndalama zingati? Zikakanika, ndalipira kale ziti ndipo zatsala ziti? Dokotala woona mtima sakwiya ndi mafunso amenewa. Amene akuyankhani kuti "musadandaule mayi, kuno aliyense amabereka," nyamulani chikwama chanu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ife kwathu tinakhala pansi, ine ndi bambo, tinaitananso ankhoswe a mbali zonse ziwiri kuti mawa pasadzakhale wonena kuti sanamve. Tinagwirizana kuti tiyesa kamodzi, ndipo ngati padzakhale miluza yosungidwa tidzabwereranso kamodzi, basi. Poloti yathu sitigulitsa. Katapila sitimuyandikira. Mpamba wa geni sitiukhudza, tikusonkha kuchokera pa phindu ndi pa zimene timagawana kubanki m'khonde kutha kwa chaka. Tinawauza ankhoswe nambala ija, 25 pa 100, ndipo ndinawapempha kuti aibwereze ndi pakamwa pawo. Malume a bambo anaseka n'kunena kuti, "Apongozi, ndiye mukupita kukachita juga?" Ndinawayankha kuti, "Ayi malume, wa juga sadziwa chimene angaluze. Ife tikudziwa, ndipo tavomera." Anakhala chete, kenako anati apereka ya basi.

Mwina wina afunsa kuti, nanga bwanji osangosiya, poti mwayi ndi wochepa? Chifukwa 25 si ziro. Popanda IVF, ndi machubu angawa, mwayi wanga uli pafupi ndi ziro. Ndikufuna ndikadzafika zaka 50 ndidzathe kunena kuti ndinagogoda pachitseko chimene chinalipo. Koma sindikufuna kudzagogoda mpaka kugwetsa nyumba imene ndikugonamo. Ndili ndi banja, ndili ndi ana awiri a malemu mchemwali wanga amene ndikuwalipirira sukulu, ndipo amenewo si ana a papepala, amadya nsima tsiku lililonse.

Kwa atsikana a m'gulu lino, mawu anga ndi awa: mukamva zachilendo kumusi, kuyabwa, kutuluka zoipa, kupweteka m'chinena, pitani kuchipatala msanga, ndipo mnzanuyo akalandirenso mankhwala. Amene munakulira kunyanja kapena kumadambo, likodzo musalitenge ngati matenda a ana asukulu okha. Chaka chikatha muli pabanja mimba osaoneka, kayezetseni nonse awiri, ndipo ngati mayi wapitirira zaka 35 musadikire n'komwe chaka, miyezi 6 yakwana. Mankhwala a matenda amenewa ndi otchipa kutalitali poyerekeza ndi tikiti ya ku Johannesburg.

Kwa apongozi, alamu, azakhali ndi anzathu a kumpingo: munthu akabwerako kunja wopanda mimba, musamufunse kuti analakwitsa chiyani. Musati sanagone mokwanira, ananyamula chidebe, chikhulupiriro chinachepa, kapena ali ndi zakale zimene akubisa. Mwaona nokha manambala. Atatu mwa anayi a msinkhu wanga amabwerera opanda kanthu, atachita zonse zimene dokotala ananena. Mupatseni madzi osamba, mumuphikire, mukhale naye pansi. Ndipo amene zinakuyenderani bwino, pochitira umboni muzitchulanso maulendo amene munalephera ndi zimene munawononga, kuti wakumvani asagulitse nyumba chifukwa cha theka la nkhani.

Ndikudziwa kuti m'gulu muno muli ena amene mwawerenga izi mwakachetechete ndipo simulembapo kanthu pansipa, kuopa kuti alamu anu ali momwemuno. Palibe vuto. Lembani mafunso aja pakapepala, musunge m'chikwama. Ife ulendo wathu tikuyembekeza kuti ukhala chaka chamawa mvula ikatha, ndalama zikakwana. Kaya ndidzagwera mwa mmodzi uja kaya mwa atatu aja, ndidzabwera kudzakuuzani, kuti pa gulu lino pakhale munthu mmodzi amene anawerengedwa mbali zonse.